Mpweya Wobwereka

Zaka khumi ndi zinayi ndalondera fakitale ya thonje,
tochi m'dzanja, chibonga m'khwapa, Baibulo m'thumba la jasi.
Popemphera ndinali waphokoso.
Ku Mchini amandidziwa: Mshanga akayamba,
ngakhale agalu amaleka kuuwa.
Ndinkamulongosolera Mulungu zonse
ngati mlendo wosadziwa njira ya kwathu,
ndikati Ameni n'kudzuka,
osamusiyira mpata woti ayankhe.

Kenaka kunabwera wokonza makina wa ku Sri Lanka,
a Gunapala, aafupi, imvi mpaka m'makutu.
Tambala asanalire ankatuluka,
n'kukhala pa belo la thonje,
miyendo yopinda, manja pa mawondo, phee.
Ndinkayesa akudwala. Ndinawaunika ndi tochi.
Anati, ndikungoyang'anira mpweya wanga,
polowa ndi potuluka.
Ife a Chibuda timayambira pamenepo.
Ndinaseka chamumtima.
Mpweya n'kuuyang'anira ngati mbuzi pafupi ndi dimba?

Koma usiku ndi wautali pa geti.
Mwezi wa Juni, chisanu chikutsika m'phiri la Kanjala,
ndinavundikira ndowa, n'kukhalapo.
Kulowa. Kutuluka. Kulowa,
ngongole ya feteleza.
Kutuluka,
fizi ya Tisauke,
njinga yoduka tcheni,
mlamu wanga Lazaro amene anasuntha malire a munda
maliro a mlongo wake asanazizire.
Mutu wanga unali msika wa Kapata tsiku Loweruka,
aliyense akuitanira malonda ake.

M'mawa ndinati zandikanika.
Iwo akupukuta girisi m'zala anati,
ukazindikira kuti wasochera, wayamba kale kubwerera.

Ndinabwerera, usiku ndi usiku.
Tsiku lina, pakati pa kulowa ndi kutuluka,
ndinakumbukira amene anauzira dothi m'mphuno.
Kani mpweyawu si wanga!
Ndimabwerekedwa, n'kubweza,
n'kubwerekedwanso ndisanapemphe,
ine amene ndinkafuula ngati Mwini wake ali kutali, ku Lusaka.
Kuyambira pamenepo, polowa ndimati Yesu,
potuluka ndimati ndili pano.
Basi. Mawu ena onse akhoza kudikira.

Anandiuzanso kuti ufunire zabwino amene umamukonda,
kenaka amene sumudziwa,
pomaliza amene anakulasa.
Zokonda adani ndinazimva kale pa guwa,
ndinazilalikiranso kumlaga,
koma ndinali ndisanakhalepo pansi n'kutchula dzina.
Tisauke anadutsa mosavuta.
Woyendetsa lole wa ku Mwami anadutsanso.
Lazaro anandiima pakhosi ngati munga wa nsomba
masabata atatu.
Lachinayi lina dzinalo linatuluka, lokhakhala,
ndipo ndinalira pa ndowa paja ngati mwana.

Makina atakonzeka, a Gunapala anapita kwawo
ndi chikhulupiriro chawo, ine ndinatsala ndi changa.
Malire a munda sanabwerere.
Abusa anandifunsa ngati ndikudwala,
poti pemphero langa lafupika.
Ndinati ayi, ndikuphunzira kumvetsera.

Mbandakucha uno ndazimitsa tochi.
Ulusi wa thonje wakodwa pa waya waminga,
ukugwedezeka ndi kamphepo kosaoneka.
Maganizo a ngongole abwera, ndawapatsa moni,
akhala pang'ono, apita.
Sindinamve mawu ochokera kumwamba.
Tangokhala awiri pa geti,
Iye ndi ine,
mpaka belu la sikisi koloko.