Kapinga wa kwa Esquibel

Lolemba, ku Albuquerque,
pepala lachikasu la khonsolo lamatidwa pachitseko:
kuthirira ndi Lachiwiri ndi Loweruka basi,
dzuwa lisanakwere.
Madzi akayenderera mumsewu, chindapusa.

Mayi Eulalia awerenga chiimirire,
magalasi ali pansonga ya mphuno.
Kapingayu anabzala ndi malemu amuna awo
chaka chimene mwana woyamba ankaphunzira kukwawa.
Lero wachita dazi pakati
ngati mwini wake uja.

Lachinayi anyamata afika ndi mafosholo.
Amupinda ngati mkeka maliro atatha,
athira timiyala tofiira,
abzala tizomera taminga tosadziwa ludzu.
Kapaipi kakuda kakudontha limodzilimodzi,
diripi ya kuchipatala yeniyeni.

Koma za mtengo wa mapichesi wa kuseri
pepala lija silinanene kanthu.
Usiku mayi asamba chidebe chili pamapazi,
kenako ndi manja awiri, msana uli khotee,
adutsa nacho m'khitchini,
madzi a sopo akutayikira m'njira.

M'mawa Delbert woyendera adutsa pagalimoto,
aona msewu wauma gwa,
achonga m'buku mwake, napita.

M'khitchini mokha ndimo mwanyowa.