Kumene Waya Wobiriwira Amathera

Lachiwiri m'mawa makina ofinyira mpendadzuwa anamuluma Dailesi,
dzanzi kuchoka m'chikhatho mpaka m'phewa.
Sanafe. Anakhala pa matumba
akuyang'ana dzanja lake ngati la mlendo.

Ndiye anatiitana, ine ndi a Daka,
pamsewu wa ku Lundazi, kuseri kwa sikelo ya malole.
Mapulani a fakitale chiswe chinadya kale,
amene anayala mawaya palibe akumukumbuka dzina.

A Daka sanathamangire zida.
Anati, Jelita, magetsi akasochera amafuna njira ya kwawo,
akaisowa amadzera mwa munthu.
Mafunso ndi awiri basi:
lina ukafunse thiransifoma, lina ufunse makina.

Tinazimitsa, tinakhoma loko,
kiyi ndinaika m'thumba la ovolosi yanga.

Ku mpanda dzuwa la Okutobala linkaphika chisoti.
Thiransifoma ikung'ung'udza yokha,
ndipo pansi pake, kuchoka pa nyutulo,
waya wonenepa akutsika kulowa m'dothi lofiira.
Ndinalemba T pachikhatho.
Pakanapanda uyu, anatero a Daka, ukanalemba I.
Malo otero vuto loyamba limalowa osagogoda,
lachiwiri ndilo limabwera ndi moto.

Funso lachiwiri linatidyera tsiku lonse.

Mu shedi yatsopano wobiriwira ndi nyutulo
amayenda njira imodzi osakhudzana,
mkamwini ndi apongozi,
kuchokera ku mpanda mpaka pa mota.
T, N, S. Ndinalemba mokondwa, ngati ndapambana mayeso.

Kuchigayo ndinawerenga kawiri, mawaya anayi okha.
Mmodzi wasenza ntchito ziwiri,
kubweza magetsi ndi kulondera moyo wa munthu.
T, N, C.
Tsiku limene adzaduke ameneyu, anatero a Daka,
chitsulo chilichonse muno chidzatuluka mano.

Koma Dailesi analumidwa mu shedi yakale.
M'menemo wobiriwira sabwerera ku thiransifoma,
ali ndi chitsime chakechake.
T ndi T, ndinanong'ona,
ndipo ndinamutsata chokwawa,
m'matope a mafuta ndi fumbi,
pansi pa zisa za mavu, kudutsa bowo la khoma,
mpaka kuseri kumene anyamata amataya madzi.

Anathera m'malere.
Wodulidwa ndi sowo, mkuwa ukadali kuwala.
Pamene panali ndodo pali kadzenje,
nyerere zikulowa ndi kutuluka.
Ndipo kabuleka kamene kakanagwa kuti kamupulumutse
wina anakalumphitsa ndi kawaya,
ati kamachedwetsa ntchito.

A Daka anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali.
Ndodo imeneyo, anati, mwina inagula mchere ndi sopo.
Sanawonjezere.

Tinakhoma ina. Nthaka youma inakana,
mita ikuonetsa nambala yaikulu ngati ngongole.
Tinakhoma yachiwiri patali, yachitatu,
hamala ikundiphulitsa matuza,
mpaka nambala inatsika n'kukhala pansi.
Tinachotsa kawaya kachinyengo,
waya wovulala m'mimba mwa mota tinamupezanso.
Pachitseko cha bokosi lililonse ndinalemba zilembo ndi penti yoyera,
poti chiswe sichidya penti.

Lachisanu Dailesi anabwera.
Anayamba wakhudza makina ndi kuseri kwa dzanja,
kamodzi, n'kubweza,
kenaka anayala chikhatho chonse.
Mafuta anayamba kudontha mu diramu.

Madzulo ndinafika kwathu ku Mchini manja akununkha girisi.
Sindinalowe m'nyumba.
Ndinazungulira kuseri ndi tochi ya foni,
ndinagwada pansi pa mita yathu,
kupalasa zinyalala ndi zala,
amayi akufunsa pazenera kuti ndataya chiyani.