Mlendo M'nsagwada

Unali mpunga wa ku Domasi, Lachitatu masana,
kamwala kosaposa njere ya mawere.
Ndinangomva kuti ng'a!
Dzino lakutsogolo, limene lasenda nzimbe zaka makumi anayi,
linagonja kwa kamwala.

M'mawa mwake ndinaima pamaso pa Sitandade 6 ku Matawale
kuti tibwereze tsa, psa, bza.
Mawu anathawira pa gweru ngati mbewa zomva khasu.
Ndikati "tsitsi" m'kalasi munkalira likhweru,
Ndaziona wa kumbuyo uja n'kubisa nkhope m'kope,
mapewa okha akugwedezeka.
Ndinaphunzira kuseka ndi dzanja pakamwa,
kuyankha moni ndi mutu.

Tili ana tinkaponya dzino padenga
n'kuuza khwangwala abweretse lina.
Akhwangwala a pa msika wa Zomba ndawayang'ana chaka chathunthu:
ali ndi zawo,
sakongoza munthu wa imvi.

Ndiye banki m'khonde, miyezi isanu ndi inayi.
Njinga yanga inapita ndi mnyamata wa ku Songani.
Mayi a ana anangoti,
"Dzino limodzi, a Likaka?
Lidzatafuna chiyani, ndalama zonse litadya kale?"

Dokotala Matewere anandigoneka chagada,
nyali kumaso, jekeseni m'nkhama,
mlomo n'kusanduka wa eni ake.
Ululu sindinaumve. Phokoso lokha,
ngati kalipentala akuboola chitseko kwa aneba,
koma nyumbayo ndinali ine.
Pa zenera nkhungu inkatsika phiri.
Ndinawerenga mitengo ya paini isanamezedwe,
ndinafika makumi awiri ndi itatu.

Anakulunga kachitsulo kamazinga m'fupa,
nati, "Tsopano tidikire.
Fupa silikakamizidwa, livomera lokha."
Miyezi inayi ya phala, nthochi ndi mapeyala.
Lilime, losamva lamulo,
linkanyamuka usiku kukazonda mlendoyo,
kumufunsa ngati wazolowera.
Ndinkakumbuka mtengo wina m'mbali mwa Likangala
umene unameza waya wa mpanda
pang'onopang'ono, wopanda mboni,
mpaka sungalozenso pothera waya ndi poyambira mtengo.

Lero akaveka chipewa choyera.
Pa galasi silisiyana ndi anzake,
kungoti ndi laulemu kwambiri:
silinalawepo tiyi wa m'chipinda cha aphunzitsi,
silinalumepo chivindikiro cha bolopeni yofiira.
Madzi ozizira a m'Mulunguzi siliwamva.
Silidzandidzutsa usiku, silidzabowoka,
ndipo lidzatsala ine nditapita.
Wokumba wina, zaka zosawerengeka m'tsogolomo,
adzatola kachitsulo m'dothi
n'kudabwa kuti kanamanga chiyani.

Ndagula chimanga chootcha pa depoti,
ndalipira osabisa pakamwa.
Ndayenda nacho mpaka chazizira m'manja.
Pofika pa mlatho ndaluma,
koma ndi a m'mbali.
Mlendo sapatsidwa khasu tsiku lofika.

Mawa, Ndaziona,
ukhale kutsogolo.
Tsa. Psa. Bza.