Siginecha Yanga

Kalata inandipeza Lachiwiri ndikuyeza mpunga pasikelo,
mankhusu ali m'tsitsi.
Chidindo chofiirira, dzina langa lonse,
mpaka lapakati lija limene mwamuna wanga adaiwala kalekale.
Mukaonekere Lolemba kupolisi ya Salima,
mukafotokoze za mamiliyoni asanu ndi anayi
a gulu la alimi a ku Lifuwu.

Ndine msungichuma.
Adandisankha chifukwa ndimalemba moongoka.
Macheke atatu ndidasayina opanda manambala,
a Chigwenembe ali panjinga yamoto, injini ili chilirire:
"Sayinani, mayi, feteleza sadikira munthu."
Ndidasayina. Dzanja lake ndi ili.

Usiku uphungu unachuluka ngati udzudzu wa kudambo.
Mlamu wanga Lufeyo akuti wotchani kopelo,
phulusa silifunsidwa mafunso.
Apongozi akuti kabisaleni ku Dwangwa mpaka fumbi litsike.
A Chigwenembe anaimba kanayi. Kachisanu ndinayankha.
"Tiyeni tigwirizane, tikayankhule chimodzi."
Ndinadula,
n'kulemba nthawi yake kuseri kwa kalendala.

Lachitatu mbuzi ziwiri zinapita ndi mabutchala.
Lachinayi, mbandakucha, ulendo wa pa Kamuzu Road,
kope ndi malisiti zili m'jumbo, jumbo ili m'chitenje.
Kaofesi kuseri kwa sitolo ya matayala,
fani ikuzungulira ngati yaumirizidwa.
Ndisanakhale pansi ndinayamba kale:
"Ine sindinabe, Mulungu akuona."
Mayi Kachikondo anandikankhira mpando.
"Tifikako kumeneko. Yambani ndi tsiku."

Maola atatu.
Lisiti lililonse analisalaza ndi chikhatho,
la dizilo, la matumba, lina lonyowa ndi mvula ya Febuluwale.
"Pafoni musafufute kanthu.
M'kope musawonjezere ngakhale kadontho.
Chimene mwaiwala, nenani kuti mwaiwala,
dzenje musalikwirire ndi zongoganiza."
Nanga macheke aja? Mawu anandithera pakhosi.
"Munasayina?"
Ndinasayina.
"Ndiye tikanena kuti munasayina.
Tikanenanso amene anali panjinga."

Sanandilonjeze kuti ndidzagona kwathu masiku onse.
Ndinafuna atatero.
Anangoti, akutseka faelo,
"Ambiri amandipeza atayankhula kale okhaokha.
Inu mwabwera Lachinayi."

Lolemba.
Benchi yapolisi yatentha kale isanakwane eyiti koloko.
Mayi wina pambali panga akulira za njinga yobedwa.
Wapolisi ndi mnyamata, msinkhu wa Tiyese wanga,
amafunsa mwaulemu, amalemba msanga.
Kawiri loya wanga anakweza chala, ndinatseka pakamwa.
Kamodzi anangondiyang'ana, ndinapitiriza.

Pomaliza masamba anayi anatembenuzidwira kwa ine,
cholembera chili pamwamba.
"Apa, mayi, ndi apa."
Panja wakabaza amene anandibweretsa akuliza belu.
Aimbe.
Ndinaika chala pansi pa liwu loyamba,
n'kuyamba kuwerenga
pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka,
ngati mwana wa sitandade thuu.