Wotsuka Miyala ya Akeyala

Novembala akangolowa amandipatsa ndowa,
bulashi yothothoka ubweya ndi chikwakwa,
akuti: Namakhwa, Lamulungu kukubwera akuluakulu,
miyala iwale.

Ndimayambira kumunsi, kufupi ndi mpanda,
kumene ndere zimakondako chifukwa cha mthunzi.
Phiri likadafunda bulangete la nkhungu,
maminibasi a ku Limbe ayamba kale kukuwa pamsewu,
ine ndagwada,
chala chikuyenda m'zilembo
kukolokosa dothi ndi tinyumba ta mavu.

Sukulu ndinalekera sitandade faifi.
Kuwerenga kwenikweni ndaphunzirira muno.
Likaomba. Mtalimanja. Supuni.
Supuni! Mayi ake sakanamutcha choncho,
ndikuganiza ndi kalaliki wa pabalaki
atatopa kufunsa kachiwiri.
Dzina lenileni linatsala kumudzi
litatsamira khoma pamodzi ndi khasu.

Pamwala uwu nambala yatalika kuposa dzina.
Zaka khumi, zisanu ndi zinayi.
Sumani wanga ali ndi zomwezo,
amapalasa kabaza pa Chinamwali,
akachedwa madzulo mtima umandithawa m'chifuwa.

Ena sanamuone n'komwe mdaniyo.
Kamwazi, chifuwa, chimfine chija chomaliza nkhondo
zinawapeza pabedi,
phiri lakwawo likusuzumira pazenera.

Ndikamatsuka ndimawauza za kunja:
feteleza wakweranso,
Likangala anakokolola nyumba chaka chatha,
boma linanyamuka kalekale kupita ku Lilongwe
n'kutisiyira maofesi odontha,
ndipo mbendera munkaimenyera saluti ija
inatsitsidwa ine ndisanabadwe.
Sayankha. Ndi asilikali,
akadali pamzere kudikira lamulo.

Agogo a bambo anga mulibe muno.
Iwo anali mtengatenga,
bokosi la zipolopolo pamutu, nkhata ya udzu,
mapazi osavala, njira yakumpoto.
Mfuti sanaigwirepo.
Amene anabwerako anangoti:
Kwilasya tinamusiya patsinde pa mtengo,
anati apumeko, atipeza.
Mtengo wanji? Anaiwala.
Zaka zana zadutsa,
sanatipezebe.

Lamulungu lafika, ndi magalimoto ake.
Nsapato zoti nkudziyang'anirapo nkhope,
nkhata za maluwa ofiira a pulasitiki,
nkhalamba zitatu pa mipando yamateyala,
mamendulo akulemera kuposa zifuwa zawo.
Chaka chatha zinali zinayi.
Ine ndi ovololo yanga kuseri kwa mpanda,
kamera isandione.

Lipenga lilira, mawu ake akwera phiri
n'kubwerako atawonda.
Kenako mphindi ziwiri za zii.
Koma pumbwa sanauzidwe,
akulongolola mumjakaranda,
maluwa akugwera pachipewa cha mkulu wina
ndipo iye sakuwasasa.
Nkhalamba imodzi milomo ikuyenda.
Ikuwerenga mayina, ndikuganiza,
omwe sali pamwala uliwonse.

Dzuwa likamapendeka, onse apita.
Nditola mabotolo, mapepala a pulogalamu,
ndiimika nkhata yomwe mphepo yagwetsa.

Pali kamalo pakona,
pakati pa mwala womaliza ndi waya,
pongokwana munthu mmodzi wamfupi.
Kumeneko sindinatumidwe,
bwana sakudziwa, m'buku mulibe,
koma udzu ndimatchetcha mofanana ndi kwina,
ndimazula chisoso ndi manja.
Madzi otsala m'ndowa ndimathira pomwepo,
nthaka imamwa mwaludzu
ngati munthu wochokera kutali.

Ndilibe lipenga, ndilibe mendulo.
Ndimangovula chipewa changa chong'ambika,
kuyang'ana uku ndi uku
kuopa ana a sukulu angandiseke,
ndiye ndimanena motsitsa:

A Kwilasya, ndine mwana wa mdzukulu wanu.
Kuno ndi ku Zomba.
Tulani katunduyo,
mwafika.