Ayezi Sadikira

Wakabaza wanditsitsa patsinde pa msuku.
"Msewu wathera pano, achemwali.
Kuyambira apa njinga ndi imene imakwera munthu."
Wawerenga ndalama kawiri, wabwerera ku Kasinje.

Ndatsala ndi bokosi labuluu,
lamba wake akundidya phewa.
M'katimo muli katemera wa ana makumi atatu ndi anayi
ndi ayezi amene sadziwa kudikira.

Njira ikukwera ngati ndinailakwira.
Chitedze kumanja, phompho kumanzere.
Ku ofesi, kwa Kamzimbi ndi kapini kofiira
kobayidwa pamapu apakhoma,
chala chimafikako osapuma n'kamodzi komwe.

Pamtsinje ndavula nsapato,
bokosi ndasenza pamutu.
Mchenga ukuthawa kunsi kwa mapazi.

Kutsidya ndapatukira amuna anayi.
Anyamula chitseko, pachitsekopo pali Nasibeko,
mimba yayang'ana kumwamba,
mano aluma chitenje.
"Madzi ali potani?"
"M'chiuno."
"Chiuno chanu kapena chathu?"
Taseka pang'ono. Iye sanaseke.
Atsetsereka naye, nyumba yatsala yosatseka.
Akubwerayo ndidzamulemba mwezi wamawa,
Mulungu akalola,
m'kaundula yemweyu wanyowa m'konayu.

Pachitunda chachitatu ndaika khutu pabokosi
monga ndimachitira pachifuwa cha khanda.
Ndagwedeza.
Muli kamadzi kakuyankha.
Mwendo, usandichititse manyazi lero.

Kenako manyi a mbuzi.
Mizere ya kachewere yokakamira phiri.
Mpira wachikulunga wosiyidwa pamphambano.
Ndiyeno ngwee! ngwee!
Zakeyu, wodzipereka wathu, wandiona kale,
akumenya limu yopachikidwa pamkuyu,
chiwalo chokhacho cha galimoto
chimene chinafikapo kuno,
nachonso chinabwera pamutu.

Amayi atuluka m'minda, matope m'miyendo,
timabuku tachikasu tokutidwa m'majumbo a shuga.
Sikelo yalendewera panthambi.
Kulira kwayamba mmodzimmodzi,
nyimbo imene ndayendera maola asanu.
Makumi atatu ndi mmodzi.
Atatu otsalawo ali kuseri kwa phiri linalo,
kumene anthu akuno amati n'kutali.

Pansi pa bokosi patsala kachibenthu ka ayezi,
kukula kwake ngati nzama.
Ndakaika m'dzanja la Dalesi wa zaka zisanu.
Wakuwa kuti kakuwotcha, koma wafumbata,
wathamanga kukaonetsa amake.

Wafika, watambasula.
M'dzanja muli madzi okha,
ndipo akulumbira kuti unali mwala.