Ntchito Yanga Ndi Tulo

Ntchito yanga ndi kugonetsa anthu.
Wotchuka ndi dokotala wogwira mpeni;
ine ndimakhala kumutu, kuseri kwa nsalu yobiriwira,
kuwerenga mpweya wa munthu amene sadzandikumbuka.

Lachitatu anabwera a Gelesomu Shawa,
telala wa ku Kapata, imvi mbuu,
ntchafu itathyoka pogwa pa njinga ya hayala
pamtsetse wa ku Kanjala.
Anandifunsa ngati mankhwala anga amalotetsa.
Ndinati, werengani kuchokera pa khumi kubwerera m'mbuyo.
Iwo anawerenga mwa utelala:
chiuno sate-thu, mwendo fote,
phewa...
Phewalo sanalimalize.

Mankhwala oyera ngati mkaka analowa m'mtsempha,
kenako nthunzi m'mapapo.
Thupi linati zii.
Koma ubongo sugona wonse, izi ndinazidziwa mochedwa.
Muli alonda ang'onoang'ono m'menemo,
ntchito yawo kusesa ndi kutola zakufa.
Mpeni ukafika pafupa, kutali kuntchafu,
magazi amanyamula mphekesera mpaka kumutu,
alonda n'kudzambatuka.
Ndipo mlonda wodzidzimuka
ali ngati anyamata a mu Ogasiti ku Chiparamba:
akufuna mbewa imodzi,
ayatsa tchire lonse.
Moto sufunsa kuti uwu ndi udzu, iyi ndi nkhokwe.

Nanga mankhwala anga ali mbali iti?
Mabuku amatsutsana.
Ena akuti amathira madzi pamotopo,
amapumitsa maselo kuti asafe ndi njala ya mpweya.
Ena akuti akachuluka, akakhalitsa,
mu ubongo wa khanda kapena wa nkhalamba,
amapemerera.
Mayankho ambiri anachokera kwa makoswe a m'malabu akutali,
makoswe amene sanasokepo diresi la ukwati.
Choncho ndimathira ngati mchere wa wodwala mtima:
pang'ono,
diso limodzi pa munthu, lina pa wotchi.

Maola awiri ndi theka.
Magetsi anathima kamodzi,
jenereta inatsokomola, n'kudzuka.

Anatsegula maso cha m'ma folo.
Usiku, ku wodi, anayamba kuyeza bulangete ndi chikhato,
kumutcha mwana wawo Zelipa kuti sisitala,
kufunsa amene waba sizasi.
Zelipa anandipeza pakhonde ndikumwa tiyi wozizira.
"Munawatenga atate anga amphumphu.
Mwatibwezera ndani?"

Ndinalibe chithunzi chomuonetsa.
Utsi wa m'mutu suoneka pa ekisire.
Ndinati: masana kokani katani aone dzuwa,
avekeni magalasi awo,
amwe madzi, usiku agone,
muziwauza tsiku, muziwauza dzina lanu
ngakhale kakhumi.
Utsiwu umabalalika, nthawi zambiri.
Mawu awiri otsirizawo
ndinawanena chapansipansi.

Loweruka m'mawa ndinadutsako.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
osati kumaso, koma paphewa.
"Anakusokerani ndani malayawa?
Dzanja lakumanzere lafupika."
Zelipa anaseka mpaka kugwirira chitsulo cha bedi,
kenako anatembenukira kukhoma
kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Koma dzina la mnzawo wa pashopu,
amene akhala naye khonde limodzi zaka makumi atatu,
anali akulifunabe,
zala zikusisita bulangete
ngati wofufuza singano yogwa.
Sindikudziwa ngati adzalipeza.
Sindikudziwanso gawo langa pamenepo ndi lalikulu bwanji:
mpeni, ukalamba, ululu, kusowa tulo, ine,
tonse tinali m'chipinda chimodzi.

Lolemba ndili ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu,
wochokera ku Vubwi, makilo asanu ndi awiri.
Mlingo wake ndauwerengera kale katatu,
papepala, pafoni, ndi pachikhatho.
Amayi ake andifunsa ngati adzadzuke.
Adzadzuka, ndayankha,
ndipo funso linalo sanalifunse.

Kunja kwada.
Kuseri kwa Mchini wina wayatsa tchire,
mzere wofiira ukukwera phiri pang'onopang'ono.
Ndaima pazenera kuuyang'ana
mpaka namwino wandiitana kachiwiri.